Kodi mabakiteriya a m'kapaketi angatsitse thupi la mwana wonenepa kwambiri?

Mwana wa zaka 9 akayamba kupuma wefuwefu atangothamanga pang'ono, yunifolomu ya chaka chatha osamukwananso, anzake kusukulu n'kumupatsa dzina lomunyogodola, kholo lake limafuna chithandizo chofulumira. Apa m'pamene pamalowera timapaketi ndi timakapisozi tolembedwa kuti probiotic kapena synbiotic, timene tikugulitsidwa m'mafamase ndi pa intaneti. Otsatsa amati muli mabakiteriya abwino okakonza m'matumbo mwa mwana, ndipo m'matumbomo mukakonzeka thupi limatsika lokha. Mawu amenewa sanangopekedwa ndi amalonda. Kumbuyo kwake kuli kafukufuku weniweni wa zaka zoposa 20. Koma zimene kafukufukuyo wapeza mwa ana n'zochepa kwambiri tikayerekeza ndi zimene kholo limauzidwa likamatulutsa ndalama m'thumba.

Vuto la kunenepa kwa ana si la ku Ulaya ndi ku America kokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti mu 1990 ana 8 pa 100 alionse a zaka 5 mpaka 19 ndi amene anali olemera mopitirira muyeso, koma pofika 2022 anali 20 pa 100 alionse, ana oposa 390 miliyoni pa dziko lonse. Ku Malawi vuto lalikulu likadali kupinimbira, ndipo n'chifukwa chake mwana wojintcha timamuyamikira kuti akudya bwino. Komabe kalembera wa zaumoyo wa 2015-16, yemwe anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 ndi opinimbira, anapezanso kuti pafupifupi 5 pa 100 alionse ndi onenepa mopitirira muyeso, ndipo amayi 21 pa 100 alionse alinso chimodzimodzi. Mavuto awiriwa akukhalira mudzi umodzi, nthawi zina nyumba imodzi.

M'matumbo mwa munthu wamkulu mumakhala mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ochuluka a iwo m'thumbo lalikulu, ndipo onse pamodzi amalemera pafupifupi magalamu 200. Mwana amawatola pobadwa, poyamwa, pokwawa pansi ndi podya, ndipo akamakwanitsa zaka 3 m'matumbo mwake mumakhala mutayamba kufanana ndi mwa munthu wamkulu. Izi zinaoneka bwino pa kafukufuku amene anatuluka mu 2012, woyerekeza anthu a m'midzi ya ku Malawi, a m'nkhalango za ku Venezuela ndi a m'mizinda ya ku United States.

Probiotic ndi tizilombo tamoyo timene munthu akamwa mokwanira timamupatsa phindu m'thupi. Umu ndi mmene akatswiri oitanidwa ndi WHO ndi bungwe loona za chakudya ndi ulimi la FAO anagwirizanirana mu 2001, ndipo tambiri ndi ta m'magulu a Lactobacillus ndi Bifidobacterium. Prebiotic si kachilombo, ndi chakudya chimene ife sitingagaye koma mabakiteriya othandiza amachidya, monga inulin amene amatengedwa ku mizu ya chomera chotchedwa chicory. Synbiotic ndi ziwirizi zitaikidwa pamodzi. Mlimi angazimve chonchi: probiotic ndi mbewu, prebiotic ndi manyowa, synbiotic ndi mbewu yopakira limodzi ndi manyowa ake. Chovuta n'chakuti munda umene mukuwazamo mbewuyo si wolimidwa kumene. Ndi munda wodzadza kale, mmene chomera chilichonse chinagwira malo ake zaka zapitazo. Kapisozi wokhala ndi mabakiteriya 10 biliyoni amamveka ngati wamphamvu zedi, koma pa bakiteriya mmodzi wa m'kapisoziyo pali eni malo pafupifupi 3,800.

Zinayambira pa mbewa

Ganizo loti mabakiteriya amakhudza kunenepa linakula kwambiri mu labotale ya Jeffrey Gordon pa Washington University ku St. Louis. Kumeneko amaweta mbewa zobadwira ndi kukulira m'mabokosi otsekeka, zopanda bakiteriya ngakhale mmodzi m'thupi. Mu 2004 anatenga mabakiteriya a m'matumbo mwa mbewa wamba n'kuika mwa mbewa zoterezi. M'masiku 14 okha mafuta a m'thupi mwa mbewazo anachuluka ndi 60 peresenti, chonsecho zinali zikudya pang'ono kusiyana ndi kale.

Mu 2013 anachita chinthu chokopa kwambiri. Anapeza mabanja anayi a amapasa achikazi, mmodzi wonenepa kwambiri wina wochepa thupi. Mbewa zimene zinalandira mabakiteriya a wonenepayo zinasonkhanitsa mafuta ambiri kuposa zimene zinalandira a mnzake, ngakhale kuti chakudya chinali chimodzimodzi. Kenako anaziika m'khola limodzi. Popeza mbewa zimadya ndowe za zinzake, mabakiteriya a zochepa thupi analowerera mwa zinazo n'kuziteteza ku kunenepa. Anthu ambiri amalekezera nkhaniyi pomwepa, koma gawo lotsatira ndi limene ndimaliona kuti n'lofunika koposa. Kulowererako kunkatheka mbewazo zikamadya chakudya cha masamba ndi zipatso zambiri, cha mafuta ochepa. Zitapatsidwa chakudya cha mafuta ambiri ndi masamba ochepa, mabakiteriya othandizawo analephera kukhazikika ndipo chitetezo chija sichinaoneke.

Chaka chomwecho gulu lomwelo, mogwirizana ndi madokotala ogwira ntchito ku Malawi, linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa mabanja 317 a amapasa a kuno kwathu. Apa funso linali lotembenuza: n'chifukwa chiyani mwana mmodzi amatupikana ndi kwashiyoko pomwe mnzake, wodya mbale imodzi, ali bwinobwino? Mbewa zimene zinalandira mabakiteriya a mwana wodwalayo, n'kumadya chakudya chonga cha kumudzi kwawo, zinaonda kwambiri. Choncho mabakiteriya ndi chakudya zimagwira ntchito limodzi, kaya thupi likukwera kaya likutsika.

Njira zimene izi zimachitikira zikudziwika ndithu. Mabakiteriya akasasitsa gaga ndi ulusi wa m'zomera umene wadutsa osagayika, amatulutsa timaasidi titatu: acetate, propionate ndi butyrate. Butyrate amadyetsa khoma la thumbo lalikulu kuti likhale lolimba. Timaasiditi timadzutsanso mahomoni a m'matumbo otchedwa GLP-1 ndi PYY, amene amauza ubongo kuti munthu wakhuta. Khoma la thumbo likafooka, tizidutswa ta zikopa za mabakiteriya ena timadutsa n'kulowa m'magazi, thupi n'kumakhala ngati likulimbana ndi matenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Zimenezi zimachititsa kuti thupi lisamamvere bwino insulin, homoni yotsitsa shuga m'magazi, ndipo apa m'pamene pamayambira matenda a shuga ndi mafuta a m'chiwindi. Komanso timaasidi tomwe tija ndi chakudya chopatsa mphamvu, ndiye sikuti tikachuluka ndiye kuti munthu aonda. Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri kuyambira pa phata pake.

Mwina munamvapo kuti anthu onenepa amakhala ndi mabakiteriya ambiri a gulu la Firmicutes ndi ochepa a gulu la Bacteroidetes. Zimenezi zinatchuka mu 2006 kuchokera pa anthu 12 okha. Mu 2016 Marc Sze ndi Patrick Schloss a pa University of Michigan anaphatikiza zotsatira za akafukufuku 10 ndipo anapeza kuti muyeso umenewu sungasiyanitse modalirika munthu wonenepa ndi wochepa thupi. Komabe mpaka lero umalembedwa m'zotsatsa malonda ngati chinthu chotsimikizika. Kwa ana, chizindikiro china chinachokera ku Finland mu 2008: ana amene anali ndi thupi loyenera pa zaka 7 anali ndi Bifidobacterium ambiri ali akhanda, pomwe amene ananenepa anali ndi ochepa. Koma anali ana osakwana 50, ndipo kupezeka pamodzi kwa zinthu ziwiri sikutsimikiza kuti china chinayambitsa chinzake.

Atayesa pa ana enieni

Njira yokhayo yodziwira zoona ndi kugawa ana m'magulu awiri mwamaere, ena n'kuwapatsa mabakiteriya, ena ufa wofanana maonekedwe koma wopanda kanthu, popanda mwana kapena dokotala kudziwa amene walandira chiyani. Izi zachitika m'mayiko angapo, ndipo zotsatira zake zimakokanakokana.

Ku Denmark achinyamata 50 onenepa kwambiri anamwa Lactobacillus salivarius Ls-33 kapena ufa wopanda kanthu kwa milungu 12. Poyeza chimbudzi anaona kuti kachulukidwe ka magulu ena a mabakiteriya kasintha. Koma zizindikiro za shuga, za mafuta a m'magazi ndi za kutupa kwa m'thupi sizinasunthe. Ku Isfahan m'dziko la Iran, ana ndi achinyamata amene anamwa synbiotic kwa milungu 8 anatsikako pang'ono pa sikelo ndi m'chiuno. Ku Rome, pa chipatala cha ana cha Bambino Gesù, ana onenepa odwala mafuta a m'chiwindi anapatsidwa VSL#3, msanganizo wa mitundu 8 ya mabakiteriya, kwa miyezi 4. Chiwindi chinaoneka bwinopo, thupi linatsikako ndipo GLP-1 anakwera. Zinali zolimbikitsa. Kenako mu 2018 akatswiri a ku Los Angeles anapereka VSL#3 yemweyo kwa achinyamata onenepa a m'mabanja ochokera ku Latin America kwa milungu 16. Mabakiteriya a m'chimbudzi sanasinthe mooneka, mafuta a m'chiwindi sanatsike, ndipo amene anamwa mankhwalawo mafuta a m'thupi mwawo anachita kuonjezereka kuposa anzawo. Anali achinyamata 19 okha, ndiye sitingamange nyumba pa zimenezi. Koma amene amatchula za ku Rome ayenera kutchulanso za ku Los Angeles.

Ku Novara, ku Italy komweko, ana ndi achinyamata 101 anapatsidwa malangizo a kadyedwe, ndipo theka la iwo anamwanso mitundu iwiri ya Bifidobacterium breve kwa milungu 8. Magulu onse awiri anatsika thupi. Chimene mabakiteriya anaonjezerapo n'chakuti thupi linayamba kumvera bwinopo insulin. Limenelo ndi phindu lenileni, koma si limene kholo logula kapaketi limayembekezera.

Zotsatira zomveka bwino kwambiri zinachokera ku chinthu chopanda bakiteriya aliyense. Pa University of Calgary ku Canada, gulu la Raylene Reimer linapatsa ana 42 a zaka 7 mpaka 12 magalamu 8 a inulin wosakaniza ndi prebiotic mnzake wotchedwa oligofructose tsiku lililonse, kapena ufa wopanda kanthu, kwa milungu 16. Mwa amene analandira inulin, Bifidobacterium anachuluka, mafuta a m'thupi anatsika pang'ono ndipo kukwera kwa sikelo kunachedwa poyerekeza ndi anzawo. Sanalowetse mlendo aliyense m'matumbo. Anangodyetsa amene analimo kale.

Ena anaganiza kuti mwina vuto ndi kuchepa kwa mabakiteriya a m'kapisozi, bwanji osasamutsa gulu lonse monga anachitira ndi mbewa? Ku Auckland m'dziko la New Zealand anayesa zimenezi pa achinyamata 87 a zaka 14 mpaka 18. Theka la iwo linameza makapisozi 28 okhala ndi mabakiteriya otengedwa m'chimbudzi cha anthu athanzi, ochepa thupi, atawayeza mosamala. M'matumbo mwawo munasinthadi, ndipo mafuta a pamimba anatsikako pang'ono, koma kulemera kwa thupi poyerekeza ndi msinkhu sikunasiyane ndi kwa anzawo. Zotsatirazi zinatuluka mu 2020. Ngati kusamutsa gulu lonse kunalephera kutsitsa sikelo, n'kovuta kukhulupirira kuti kapaketi ka mitundu iwiri kangathe.

N'chifukwa chiyani zotsatira zikusemphana chonchi? Choyamba, dzina loti probiotic limaphimba zinthu zosiyana kwambiri. Lactobacillus wina si Lactobacillus mnzake, ndipo zimene mtundu umodzi wachita sizinena kanthu za mtundu wina, ngakhale mayina atafanana. N'chifukwa chake akatswiri amalemba dzina lonse ndi nambala yake, monga Ls-33 uja. Chachiwiri, ana amene amalowa m'kafukufuku amakhala ochepa, nthawi imakhala miyezi iwiri kapena inayi, ndipo kawirikawiri amapatsidwanso malangizo a kadyedwe, kotero kulekanitsa ntchito ya mabakiteriya ndi ya mbale kumavuta. Mwana amakhalanso akukula. Akatalika masentimita awiri, masamu onse amasintha.

Chachitatu n'chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndikamawerenga kuti mankhwala akuti "asintha mabakiteriya a m'matumbo". Pafupifupi akafukufuku onse amayeza chimbudzi, chifukwa palibe amene angalowetse paipi m'matumbo mwa mwana wosadwala n'cholinga chongofufuza. Mu 2018 gulu la Eran Elinav ndi Eran Segal la pa Weizmann Institute ku Israel linachita zimenezo pa akuluakulu odzipereka. Onse amene anamwa probiotic, mabakiteriyawo anaoneka m'chimbudzi mwawo. Koma atayang'ana pakhoma la matumbo penipeni, mwa anthu ena anali atakhazikikako, mwa ena anangodutsa. Kupeza Bifidobacterium m'chimbudzi cha mwana amene akumwa Bifidobacterium kungangotanthauza kuti zimene analowetsa kukamwa zatuluka. Ndipo nthawi zambiri munthu akasiya kumwa, m'masiku kapena milungu yochepa alendowo amatha.

Ngakhale kusinthako kutakhala kwenikweni, funso la kholo silikhala la mayina a mabakiteriya. Limafuna kudziwa ngati mwana achepetse mafuta, ngati shuga wake akhale bwino, ngati adzafike zaka 30 opanda matenda a mtima. Ku Denmark m'matumbo munasintha, thanzi ayi. Ku Auckland munasintha, sikelo ayi.

Ku Malawi tinaphunzirapo kale za synbiotic, ngakhale kuti anali ana a mbali ina ya vutoli. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ana 795 onyentchera kwambiri anagawidwa pawiri, ena n'kulandira chiponde chothiramo Synbiotic2000 Forte, ena chiponde chokha. Zotsatira zinatuluka mu 2009: ochira anali pafupifupi 54 pa 100 alionse mbali ina ndi 51 mbali inayo, kusiyana kochepa kosakwanira kunena kuti mankhwalawo ndiwo anathandiza. Kafukufuku ameneyu anali wamkulu kuposa aliyense mwa a ana onenepa amene ndatchula pamwambapa.

Sindikunena kuti ma probiotic ndi achabechabe. Mitundu ina yasonyeza kuti imachepetsako kutsegula m'mimba kumene kumabwera mwana akamamwa maantibayotiki. Bakiteriya wotchedwa Akkermansia muciniphila, amene anapezeka ku Wageningen ku Netherlands mu 2004, waonetsa zizindikiro zabwino pa insulin mwa akuluakulu ochepa ku Belgium, ndipo ntchito ikupitirira. Koma pa nkhani yotsitsa thupi la mwana, palibe mtundu umene wafika poti dokotala angaulembe ndi mtima wonse. Ku European Union, bungwe loona za chitetezo cha zakudya la EFSA lakhala likukana zonena za makampani kuti mabakiteriya awo amalimbitsa thanzi. Chimene linavomereza n'chakuti mabakiteriya a mu yogati amathandiza kugaya shuga wa mumkaka.

Chimene chili m'manja mwa banja

Mu 2010 akatswiri a ku Italy anayerekeza ana a m'mudzi wa Boulpon ku Burkina Faso ndi ana a mumzinda wa Florence. Ana a ku Boulpon, odya mapira, mawere, nyemba ndi masamba, anali ndi mitundu yambiri ya mabakiteriya, makamaka Prevotella wodziwa kuswa ulusi wa zomera, komanso timaasidi tothandiza tija tambiri. Chakudya chimenecho sichili kutali ndi chathu. Chimene chikusintha m'matauni athu n'chakuti mgaiwa wasiyira malo ufa woyera, mbatata ndi chinangwa zasiyira malo buledi ndi mabisiketi, ndipo mwana amapita kusukulu ndi kabotolo ka chakumwa chotsekemera ndi kapaketi ka zokhwasula zokazinga. Zonsezi zimagayika msanga m'thumbo laling'ono, moti kuthumbo lalikulu kumafika zochepa zoti mabakiteriya adye.

WHO mu 2023 inanena kuti mwana wa zaka 2 mpaka 5 amafunika magalamu 15 a ulusi wa m'zakudya patsiku, wa zaka 6 mpaka 9 magalamu 21, ndipo kuyambira zaka 10 magalamu 25. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama, mgaiwa, mbatata, bonongwe, nkhwani, chisoso, therere, magwafa ndi malambe ndi kumene magalamu amenewa amapezeka. Anyezi ndi adyo ali ndi zinthu za banja limodzi ndi inulin uja wa ku Calgary. Mwana amene sanazolowere angayambe ndi mpweya m'mimba, choncho ndi bwino kuonjezera pang'onopang'ono. Ndipo kusintha kumeneku kukhale kwa nyumba yonse. Kumupatula mwana mmodzi n'kumupatsa mbale yakeyake, ena akudya tchipisi pamaso pake, kumamupweteka mtima ndipo sikukhalitsa.

Chambiko ndi yogati wopanda shuga ndi zakudya zabwino, ndipo zosaphikidwanso zikasasa zimakhala ndi mabakiteriya amoyo. Thobwa nayenso ali ndi mabakiteriya osasitsa, koma timakonda kumuthira shuga wambiri. Yogati wotsekemera wa m'sitolo angapatse mwana shuga wochuluka kuposa phindu limene mabakiteriya ake angabweretse, ndiye muziwerenga zolembedwa pakabotolo. Kwa khanda, mkaka wa m'mawere uli ndi mitundu ya shuga imene mwana sagaya, imene ntchito yake ndi kudyetsa Bifidobacterium; kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyamba kumachita zimene palibe kapaketi kangachite. Maantibayotiki ogula popanda kalata ya dokotala, mwana akangotsokomola, amapulula mabakiteriya othandiza pamodzi ndi oipa omwe, ndipo akafukufuku angapo apeza kuti ana amene anawamwa mobwerezabwereza asanakwane zaka 2 amakhala pa chiopsezo chokwererako pang'ono cha kunenepa.

Kwa mwana wathanzi, ma probiotic nthawi zambiri savulaza kupatula kutupa m'mimba kapena mpweya. Koma ndi tizilombo tamoyo. Mwana amene chitetezo cha thupi lake n'chofooka kwambiri, amene akulandira mankhwala a khansa, kapena wobadwa masiku asanakwane, angathe kudwala nato m'magazi. Mu 2023 bungwe la FDA la ku United States linachenjeza zipatala khanda lina lobadwa masiku asanakwane litamwalira motero. Ana oterewa asapatsidwe popanda dokotala kudziwa. Kumbukiraninso kuti mabakiteriya ambiri amafa ndi kutentha, moti kapaketi kamene kakhala pa shelefu m'mwezi wa Okutobala ku Chikwawa kangakhale kopanda chamoyo chilichonse.

Ngati mwana akunenepa mofulumira, akuliza nkonono kwambiri usiku, khungu la kuseri kwa khosi lada ndi kukhuthala, kapena akumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, pitani naye kuchipatala akamuyeze msinkhu, sikelo, kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Kuda kwa khosi kumeneko si litsiro loti mukhule ndi mwala. Kawirikawiri ndi chizindikiro choti thupi layamba kusamvera insulin, ndipo pamafunika kuyeza magazi.